Injini Yatsopano, Mabuleki Akale

Loweruka lapitali ndinapempha Mulungu kuti galimoto ya mwana wanga isalire. Si pemphero loti munthu n'kulitchula pagulu, koma ndinapemphadi.

Mwana wangayo, Lameki, ndi fitala, wokonza makina ku mgodi. Chaka chatha anagula kagalimoto kofiira ka zitseko ziwiri kwa mzungu wina wa ku Matepatepa, amene kale ankathamanga nako pa mipikisano. Kuyambira pamenepo pabwalo panga kuno ku Chiwaridzo panasanduka galaja.

Injini momwe inalili sinamukwanire. Anapita nayo ku Harare kukakulitsa mabowo a masilinda, n'kubwerako ndi mapisitoni aakulu. Anachotsa kabuleta imodzi n'kuikapo ziwiri, kuti injini izimwa petulo ndi mpweya wambiri. Hedi, chivundikiro cha pamwamba pa injini chija, anakaipalitsa kuti moto uziphulika mopanikizika. Madzulo aliwonse ankandifotokozera zimenezi maso akuwala, ine n'kumangovomera.

Kenaka ndinamva cholinga chake. Iye ndi mnyamata wina wa ku Jumbo Mine anapangana kuti Lamlungu masana apikisane pa msewu wa ku Matepatepa. Mukuudziwa msewu umenewo. Mumayenda mathirakitala okoka fodya, ndiponso ana a m'makomboni atakwerana atatu panjinga.

"Baba, musade nkhawa. Mota iyi imandimva," anatero.

"Nanga thirakitala nayo imakumva?"

Anangoseka. Mwana akamera ndevu sungamumange mwendo. Chimene chinanditsalira ndi maondo.

Loweruka masana inali nthawi yotseka injini, kumangirira hedi ija pamalo pake. Kunabwera alamu anga a Zuze, amalume ake a Lameki, amene anakalambira pa mapampu ndi makompuresa a ku mgodi. Kumeneko bawuti saimanga ndi chifundo. Amalowetsa chipaipi ku sipanala n'kuchitsamira ndi thupi lonse.

"Amalume, dikirani ndikabwereke sipanala yoyezera," anatero Lameki. "Hedi imeneyi ndi ya aluminiyamu, ndi yofewa. Ili ndi muyeso wake."

"Iwe, ndinayamba kumanga mabawuti amayi ako asanakwatiwe. Bopa sitereki, manga zolimba, basi. Bawuti yosalira sinagwire."

Lameki atangotuluka pageti, alamu anatenga chipaipi chawo. Yoyamba inalira, yachiwiri inalira. Yachitatu inangoti thyo, kuthyokera m'kati mwa injini.

Mnyamata atabwerako anayang'ana nthawi yaitali. Amalume sungawakalipire. Anangoti, "Zvakanaka, palibe kanthu, amalume," n'kukakhala kuseri kwa nyumba.

Ine ndisaname, mumtima munati phee. Lamlungu ndinaimba nyimbo m'tchalitchi mpaka mayi wa kunyumba anandigunda ndi chigongono.

Koma chifundo chenicheni ndinachiona Lolemba. Lameki ataweruka, manja anamuyabwa. Injini inali kudikira munthu wodziwa kuboola bawuti yothyokayo, ndiye anakweza galimoto pajeke n'kugulula mateyala. Posakhalitsa anandiitana.

"Baba, tabwerani muone."

Ndinagwada. Kapaipi kopititsa mafuta ku mabuleki kanali katadyeka ndi dzimbiri. Anakadina ndi chala, mafuta n'kuyamba kudontha.

"Ndikanaponda mwamphamvu kamodzi kokha, apa pakanaphulika," anatero motsitsa mawu.

Miyezi yonseyi anali ataweramira injini. Pansi pa galimoto anali asanagonepo.

Abale anga, kodi si momwe tikukhalira masiku ano? Chilandirireni ufulu, ana athu afika pamene ife sitinalote. Ife tinkatchedwa boyi tili ndi imvi. Iwo ndi mafitala, makalaliki, akapitawo. Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha zimenezi, ndipo sindikufuna kubwerera m'mbuyo. Koma tonse tili kalikiliki kukulitsa injini. Ndani akuyang'ana chotiimitsa?

Munthu akakwezedwa pantchito, mawu ake amakula, koma kupepesa kumakhala komwe kuja kwa dzimbiri. Malipiro akakwera, ludzu la mowa wa ku bhawa limakweranso. Ngakhale mu mpingo momwemu, tamuonapo munthu akupatsidwa mpando mtima wake usanaphunzire kuima. Malemba amatikumbutsa kuti kavalo ndi chinyama champhamvu, koma amamuwongolera ndi kachitsulo kakang'ono m'kamwa. Amanenanso kuti munthu wosadziletsa ali ngati mudzi wogumuka linga. Akuluakulu athu nawo anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Sindikunena kuti mphamvu ndi tchimo. Injini ya Lameki ndi ntchito yokongola ya manja, ndipo luso limenelo anamupatsa ndi Mulungu. Tsopano wagula mapaipi atsopano a mabuleki, ndipo akuti akadzafuna kuthamanga adzapita kumalo ochitira mipikisano ku Harare, kumene kulibe ana apanjinga. Ndamumva. Maondo sindinaleke.

Alamu anga adakali ndi manyazi. Nditawauza kuti Ambuye anagwiritsa ntchito chipaipi chawo, anandiyang'ana cham'mbali.

"Ndiye mumuuze mwanayo aleke kundiyang'ana ngati ndamudyera nkhuku," anatero.

Si tonse amene tidzapatsidwe amalume otithyolera bawuti pa nthawi yake. Inu amene mwawonjezera mphamvu chaka chino, kuntchito, m'thumba kapena pakamwa, munagwada liti n'kusuzumira pansi, kuti muone ngati chokuimitsani chidakali chamoyo?