Matayala Opita Nawo ku Zomba

Ndinaganiza zopita ku Lusaka tsiku limene mandasi anga anabwerera onse m'beseni. Panali patapita miyezi a boma atatenga amuna anga, bambo a Esinati, chifukwa cha mawu amene akuti anayankhula atanyamula munthu pa takisi yawo. Masiku amenewo mkazi wa womangidwa anali ngati wakhate. Ku Ndirande ankandilambalala pa mpopi, ngakhale kutchalitchi benchi langa linkatsala ndi malo. Ana ndinawasiya kwa achemwali, kagalimoto kaja ndinakafunditsa masaka kuseri kwa nyumba, n'kukwera basi.

Ku Lusaka ndinkachapa ndi kulera ana a eni. Ndalama ndinkapatsira madalaivala a malole, makalata ayi, poti ankatsegulidwa panjira. Lamulungu masana ndinkakhala ndekha m'kachipinda, kuyimba nyimbo za kwathu motsitsa mpaka misozi. Ndinkati, "Ambuye, a ku Ndirande aja musawalange, koma ine sindidzawapatsanso moni."

Patapita zaka, dalaivala wina anandinong'oneza: "Amuna anu awatulutsa Loweruka, ku ndende ya kupitirira Zomba. Miyendo yatupa, sangayende. Akuti wosatengedwa dzuwa lisanalowe amamubwezera mkati." Zoona kaya zabodza, sindinafune kuyesa Mulungu.

Ndinafika ku Ndirande Lachisanu m'mawa. Injini ya kagalimoto kaja inalira alamu anga atalimbana nayo, koma matayala onse anayi anali ndi zikang'a ngati mapazi a m'chilimwe. Ndinathamangira kumsika. Wogulitsa wina anandionetsa anayi onyezimira, mizere yakuya bwino, mtengo wokwanirana ndi zomwe ndinamanga pa chitenje.

"Awa mayi, mukafika nawo ku Karonga osapopa!"

Pambali pake panali Che Jafali, omata machubu, anansi athu achisilamu amene sanandiyankhe pomwe ndinkatsanzika. Pa benchi lawo panakhala wachipani wa malaya ofiira, wogulitsa makadi a chipani. Che Jafali sanandiyang'ane. Anangokalipira wogulitsa uja: "Iwe, polishi wathera pa matayala, nsapato upaka chiyani? Ndibwezere mpeni wanga!"

Ndinalowetsa chikhadabo mu mzere umodzi. Ndinakhudza ulusi. Mizere ija inali yosema ndi mpeni, tayala litatha kale.

"Si mkazi wa uja uyu?" anatero wa malaya ofiira. "Matayala a ulendo wa kuti?"

Ndinatulutsa khadi langa. "Ndikukatenga wodwala, bwana."

"Wodwala chiyani?"

Che Jafali anaseka kwambiri. "Bwana, kagalimoto kawo n'khola la nkhuku, sikangafike n'pa Limbe pomwe. Mayi, tazipitani, mukutithamangitsira makasitomala!"

Ndinachoka nkhope ikuyaka. Ku Limbe ndalama zanga zinakwanira latsopano limodzi lokha. Ndinalisenza pamutu ngati mtolo wa nkhuni, ndikufunsa Ambuye ngati galimoto imayenda ndi mwendo umodzi.

Loweruka m'mamawa ndinamva chitsulo chikulira kuseri. Che Jafali anali atagwada, akumanga manati. Kagalimoto kanaima pa matayala anayi: langa lija, ndi ena atatu osafanana, akale koma amizere yeniyeni.

"Latsopanoli ndaika kutsogolo," anatero motsitsa. "Enawa mayina akusiyana, koma nambala ndi imodzi. Alamu anu asathamange pa Njuli. Ndipo musandithokoze pamsewu."

"Nanga ndi a ndani, Che Jafali?"

"Tayala lopita ku Zomba lilibe mwini wake, mayi."

Tikutsika Ndirande ndinaona galimoto ya a Chikuse, akulu a mpingo amene ankandithawa benchi, itatsamira pa njerwa, gudumu limodzi palibe. Iwo ali pakhonde, anayang'ana kumbali monga kale. Kutsogoloko, takisi ya mnzawo wa amuna anga, pa njerwa. Pa msika, ya Che Jafali, pa njerwa.

Tinawapeza bambo a Esinati atakhala pansi pa geti la ndende, dzuwa likadali pamutu. Tinawanyamula ngati mwana.

Lonjezo langa la ku Lusaka ndinaliphwanya, Mulungu andikhululukire. Mawa lake pa mpopi ndinapereka moni kwa aliyense. Palibe anayankha mokweza, ndipo sindinadandaule. Ndinali nditadziwa kuti moni wa ku Ndirande zaka zimenezo sunkatuluka pakamwa. Unkabwera m'mamawa, kudzera kuseri kwa nyumba.