Mbuzi ya Apongozi ndi Madzi Obiriwira

Ndine mkamwini ku Kalembo, ndipo apongozi anga aakazi ndimawaopa kuposa apolisi a pamsewu. Loweruka lina ndinakhutulira m'beseni madzi akale a mu lediyeta ya galimoto yanga, obiriwira aja. Nditatsukamo, ndinakwera kabaza wa ku Ulongwe kukagula atsopano. Beseni ndinalisiya pabwalo, losavindikira.

Pobwera ndinapeza beseni lili gwa, mbuzi ya apongozi ikudzandira ngati chidakwa. M'mawa mwake inafa.

Alamu anga anayamba kunola mpeni, ana akuvinavina kuti lero kuli nyama. Koma ine ndinkadziwa kuti madzi aja ndi poizoni.

"Iyayi, musadye!" ndinakuwa.

Apongozi anandiyang'ana. "Chifukwa chiyani, bambo?"

Choonadi chinafika pakhosi n'kubwerera. "Ndinaiona ikulumidwa ndi njoka. Chimamba chachikulu, patsinde pa mtengo wa mango uwo."

Mbuziyo tinaikwirira, ana akulira ndiwo. Masana apongozi analamula kuti mtengowo udulidwe, mtengo umene anadzala malemu amuna awo. Nkhwangwa anapatsa ine, poti ndine ndinaona pomwe njokayo inalowera.

Ndinaudula ndithu.