Makaseti a Bambo Jailos

Inu a Chester, apampando a kwaya, mwafufuta ntchito ya munthu dothi la pamanda ake lisanaume n'komwe. Koma akhristu amve kaye kuti munthuyo anali ndani.

Bambo Jailos anabadwira kufupi ndi Milonde, kwa makolo amene anawoloka malire kuchokera ku Mozambique atasenza mphasa ndi korona yopempherera basi. Sukulu sanapite nayo patali. Ali aang'ono ankakhala pansi pafupi ndi limba la m'tchalitchi, lija lopopa ndi mapazi, maso ali pa zala za wolizayo, mpaka anadziwa kuliza okha. Atakula analowa ntchito yothyola tiyi ku esiteti, nakwatira Mayi Estele. Mkati mwa sabata zala zinkang'ambika ndi mame. Lamulungu zala zomwezo zinkatamanda Mulungu.

Chimene chinkawawawa mumtima n'chakuti matchalitchi ang'onoang'ono a kumidzi analibe woliza limba. Nyimbo ankaiyambira pamwamba, n'kukathera m'kutsokomola. Ndiye anaganiza zojambula limba pa makaseti kunyumba kwawo, kuti anthu aziimba motsatira.

Apa panafunika kusankha. Mwana wawo Samueli, amene amagwira ntchito ku Blantyre, anabwera ndi kiyibodi ya mabatire yokhala ndi ng'oma zake m'kati. Kungodina, ng'oma zayamba zokha. Mudzi wonse unakhamukira pakhomopo. Bambo Jailos anaiyesa, Mayi Estele akuimba. Ndime isanafike pakati, mayiwo anali wefuwefu.

"Iii, chimenechi chikundithamangitsa ngati kapitawo!" anatero mayiwo.

"Ababa, kutauni aliyense akuliza zimenezi," anatero Samueli.

"Mwanawe, chinthu chakochi n'chokoma, koma sichidikira munthu. Amayi a kuno amakoka mapeto a nyimbo mpaka mpweya kutha. Adzawadikire ndani kuti apume?"

Anakapempha kwa bambo mfumu limba lakale limene linangotayidwa pakona, mbewa zitaboola mvukuto wake. Anaumata ndi chikopa cha mbuzi. Pojambula, Mayi Estele ankakhala pambali pawo n'kumaimba chamumtima, milomo yokha ikugwedera. Mayiwo akamakoka mpweya, bambowo ankaimitsa zala. Tambala akalira, ankayambiranso. N'chifukwa chake pa makaseti aja nkhalamba iliyonse inkapeza popumira, ndipo ukatchera khutu unkamva kupuma kwa Mayi Estele.

Mayesero sanawalambalale. Nonse mukudziwa mmene masiku aja anthu ankamuonera munthu woyenda ndi wailesi yojambula mawu. Bambo Jailos akafika nayo pamsika, macheza ankazima. Ena anawatcha kazitape, ndipo oyandikana nawo analeka ngakhale kudzapala moto. Iwo sanakalipire munthu. Ankangoti, "Alekeni, Lamulungu aimba." Ankapalasa njinga kukasiya makaseti mpaka kwa othawa nkhondo a ku Mozambique amene anamanga tchalitchi chaudzu kumalire.

Zala zitauma ndi nyamakazi, limba analisiya. Ankakhala pa benchi yakumbuyo, kaseti yawo ikulira kutsogolo, iwo n'kumaimba nawo ngati mlendo. Mwezi watha, atadzozedwa mafuta a odwala, anapempha nyimbo ya Amayi Maria imene anajambula pomaliza. Anaimvetsera maso ali chitsinzire. Itatha, anatsirizika mwakachetechete, dzanja lawo lili m'manja mwa akazi awo. Mzimu wawo uuse mumtendere.

Tsopano tibwerere kwa inu, a Chester. Maliro atangotha munasonkhanitsa makaseti onse, mukuti mukawasunge bwino. Lamulungu lapitali kasungidwe kanu tinakamva ndi makutu athu: mwajambulapo ng'oma za kiyibodi yanu. Nkhalamba zinayesa ndime yoyamba, kenako zinangoti zii, kuyang'ana pansi. Kiyibodi si tchimo ayi. Koma kodi makaseti atsopano anatha m'masitolo?

Mayi Estele anakutsatirani kwanu ku Chitakale, namfedwa, mpango wakuda uli kumutu, kudzapempha kaseti imodzi yokha, ya Amayi Maria ija. Inu munawayankha muli chikhalire pampando: "Amayi, zachikale zija sizimveka bwino. Mukumveka munthu akupuma m'menemo."

Inde, mukumveka munthu akupuma. Munthuyo ndi amene anagwada pakhomo panuyo, ndipo amene ankawadikira kuti apume tawaika m'manda.

Lamulungu likubwerali Misa ikatha, musatulukire khomo lakumbali. Imani pamaso pa mpingo, Mayi Estele ali pomwepo, muyankhe: kaseti ija ilipo, kapena nayonso mwaifufuta?