Tayala Lakumanzere la Atate

Ndikukumbukira bwino chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Tinkakhala ku Kanyama, komboni ina ya mu Lusaka, m'nyumba ya zipinda ziwiri imene madzi ankalowa mpaka pansi pa bedi dzinja lililonse. Nthawi imeneyo munthu amene ndinkamukonda kwambiri, mwina kuposa ngakhale makolo anga, anali amalume a Yotamu, mlongo wawo wa amayi.

Amalume anabwera ku Lusaka kuchokera ku Katete ali mnyamata, ndipo anafikira kwathu. Atate ndi amene anawapezera malo m'mbali mwa msewu, nawagulira jeke ndi masipanala kuti ayambe ntchito yomata matayala obooka. Malowo anali kachisakasa ka malata akale, kozunguliridwa ndi milu ya matayala. Amayi ankagulitsa masamba kumsika mpaka madzulo, choncho ndikaweruka kusukulu ndinkangolunjika kumeneko. Mpaka lero ndikamva fungo la labala wotenthedwa ndi dzuwa, ndimaona beseni la madzi akuda a sopo m'mene ankaviikamo chubu pofufuza pamene pabooka, ndiponso kompuresa yawo imene inkatsokomola kaye isanayambe kupopa.

Akuluakulu ena ankandithamangitsa, ati mwana wamkazi akufuna chiyani pamafuta. Amalume sankatero. Ntchito ikachepa ankandikhazika pa tayala lakale, n'kundiuza kuti nditsinzine, ndimvetsere maminibasi odutsa. Poyamba onse ankangondimvekera chimodzimodzi. Pang'ono ndi pang'ono makutu anatseguka. Anandiphunzitsa kuti beringi, kachitsulo kamene wilo limazungulirapo, ikatha imalira mosadukiza, ndipo kulira kwake kumasintha dalaivala akapotoza chiwongolero, chifukwa kulemera kwa galimoto kumasamukira mbali ina. Tayala lodyeka mosafanana limang'ung'udza chimodzimodzi kaya ukukhota kaya ukuwongoka. Koma loopsa kwenikweni ndi limene latupa mkati: limagunda pansi ngati ng'oma yakutali, ndipo kugundako kumafulumira galimoto ikamathamanga.

Anandiphunzitsanso kuwerenga tayala ndi chikhatho. Likadyeka pakati, mpweya unachuluka. Likadyeka m'mbali zonse, mpweya unachepa. Likadyeka mbali imodzi yokha, mawilo sanawongoke bwino. Tsiku lina dalaivala wina anasiya tayala limene linaphulika, ndipo amalume anandiitana kuti ndione. Linali lakutha kalekale, koma wina analidula mizere yatsopano ndi chitsulo chamoto kuti lioneke ngati likadali ndi moyo. Anandigwiritsa m'mphepete mwa mizereyo kuti ndimve kuthwa kwake, nandionetsa mawaya akunyezimira pansi pake. Anati munthu wochita zimenezi sasiyana ndi wakupha. Ndinawakhulupirira ndi mtima wanga wonse.

Atate anali atachotsedwa ntchito kumafakitale zaka zingapo m'mbuyomo. Ndi zimene anawapatsa anagula vani yakale yoyera, yotsegula kumbuyo, imene ankanyamulira tomato ndi kabichi wa amayi a kumsika kuchokera kumafamu a mu msewu wa Mumbwa. Vani imeneyo ndiyo inkatidyetsa ndi kutiphunzitsa. Mvula itayandikira chaka chimenecho, matayala akutsogolo anali atasalala, ndipo amalume anati atate asavutike kupita m'tauni, iwo awapezera abwino ochokera kunja, ogwiritsidwapo ntchito pang'ono chabe. Anawamanga ine ndili kusukulu. Madzulo ndinawaona pakhomo, akuda bii, akuwala, ndipo ndinanyadira kuti amalume anga ndi amene achita zimenezo.

Loweruka lotsatira atate ananditenga kupita kumafamu. Titangotuluka m'mabampu a Kanyama n'kukwera phula losalala, ndinalimva. Linali phokoso lapansipansi, lochokera kutsogolo kumanzere, pansi penipeni pa mapazi anga, ndipo mkati mwake munali kugunda kuja. Ndinapempha atate kuti atsitse wailesi. Anaseka, koma anatsitsa. Ndinawapemphanso kuti msewu ukakhala wopanda galimoto apotoze chiwongolero pang'ono uku ndi uku. Anatero, akundiyang'ana cham'mbali ngati akuonera sewero. Phokoso silinasinthe.

Titafika kufamu, iwo ali kalikiliki kukweza mabokosi, ndinagwada pafumbi n'kuyendetsa chikhatho kuzungulira tayalalo. Chakumkati ndinapeza potupa, pakakulu ngati dzira. Mizere yake inali yakuthwa m'mphepete, ndipo nditakanda dothi ndi kamtengo ndinaona waya.

Ndinachita mantha, koma ndinalinso ndi chimwemwe chachibwana. M'maganizo mwanga, amalume anali atanamizidwa ndi amene anawagulitsa matayalawo, ndipo ine, wophunzira wawo, ndinali nditagwira wakubayo. Njira yonse yobwerera ndinkalingalira mmene akandiyamikirire. Ndinaumiriza atate kuti tidzere kaye kuchisakasa kwawo, ndipo chifukwa nawonso anali atayamba kulimva phokosolo, anavomera.

Tinawapeza atakhala ndi azibambo ena amene ankakonda kusewera nsolo pamthunzi. Ndinadumpha m'vani isanaime bwino, n'kufotokoza zonse mopupuluma: kugunda, chiwongolero, potupa, waya. Ndinawagwira dzanja kuti ndiwakokere kutayala. Anachotsa dzanja lawo. Sanadzuke pamene anakhala, ndipo sanandiyang'ane. Anayang'ana atate, naseka.

"Ba mulamu, ni beringi chabe iyo," anatero. "Aka kamwana kamvelako tunthu tung'ono pano, manje kaganiza ati ni makanika."

Azibambo aja anaseka nawo. Wina anati masiku ano ana akusukulu akufuna kuphunzitsa ndi owabereka omwe. Atate, amene anali munthu wamanyazi, anandiuza motsitsa mawu kuti ndikakhale m'galimoto. Ndinakwera, ndikumva kuseka kukupitirira kumbuyo kwanga. Ndinayamba kudzikayikira. Ngati amene anandiphunzitsa akuti ndalakwitsa, ndine yani ine?

Madzulo ndinayesa kuwauza amayi. Anati ndisiye mwano, mlongo wawo sangapereke chinthu choipa kwa munthu amene anamulera m'tauni. Atate anasinthitsa beringi. Phokoso silinachoke. Atabwerera kukafunsa, amalume anati matayala ochokera kumaiko ozizira amatenga nthawi kuti azolowere misewu yathu, akhala chete okha. Ine ndinasiya kupita kuchisakasa. Ndikaweruka ndinkakhala pakhonde, ndipo vani ikamatulukira pakona ndinkayang'ana tayala lakumanzere lokha.

Linaphulika tsiku lina m'mawa, mvula yoyamba itagwa. Ndinali m'kalasi pamene aphunzitsi anandiitanira panja, ndipo ndinadziwa asanatsegule pakamwa. Vani inali ikubwera kuchokera kumafamu, yodzaza tomato. Tayala litaphulika, galimoto inakokera kumanzere n'kugubudukira mumgula, ngalande ya m'mbali mwa msewu. Palibe anamwalira. Atate anathyoka mkono wamanja pawiri, ndipo zala zawo sizinadzathenso kufumbata bwino. Bana Chanda, mayi woyandikana nafe nyumba amene anakwera nawo tsiku limenelo kukagula katundu wake, anathyoka mwendo, ndipo anayenda motsimphina mpaka imfa yake. Vani inagulitsidwa ngati zitsulo.

Kuchipatala amalume ndi amene ankaoneka achisoni kuposa tonse. Ankabwera ndi zakumwa ndi mabanzi, n'kumapemphera mokweza pambali pa bedi la atate. Kwa aliyense wobwera kudzazonda ankanena kuti msewu wa Mumbwa waipa, maenje ake atha anthu, komanso kuti vaniyo inkanyamula mopitirira. Ine ndinkangowayang'ana. Ndinkaganizabe kuti ananamizidwa, ndipo akuchita manyazi kuvomera kuti mwana anaona zimene iwo sanaone. Ndinali wokonzeka kuwakhululukira zimenezo.

Masana ena amayi anandituma kuchisakasa kukatenga poto amene anawatumiziramo chakudya. Amalume anali atachokapo pang'ono. Poto sindinamuone kutsogolo, choncho ndinazungulira kuseri, kumene sindinkapitako kawirikawiri chifukwa ankati kuli njoka. Kumeneko ndinapeza mbaula yozima, ndipo pambali pake panali chitsulo chokhota kunsonga, chokhala ndi chogwirira chamtengo, chakuda ndi moto. Pansi ponse panali timizere ta labala, topyapyala, topiringizika ngati nyongolotsi. Panalinso matayala awiri osalala, limodzi litadulidwa kale mizere mpaka pakati, ndi kachitini ka polishi wa nsapato.

Sindikudziwa kuti ndinaima pamenepo nthawi yaitali bwanji. Ndinatola timizereto todzaza dzanja. Amalume atabwera anandipeza ndili chiimire. Anayang'ana dzanja langa, kenako anayang'ana kumsewu ngati akuona amene angatimve. Sanakane. Anakhala pansi pa tayala, napukuta nkhope ndi malaya. Anati ntchito yomata yokha sidyetsa munthu, onse a mumsewu umenewo amachita zomwezo, ndipo iwo ankaganiza kuti tayalalo lifika mpaka chaka chatsopano, kenako adzalisintha mwakachetechete.

Ndinawafunsa chinthu chimodzi chokha. "Ba ankolo, tsiku lija n'nakuuzani, munali kudziba kuti nikamba zoona?"

Amalume anati, "Unamvela bwino, Nelia. Koma usauze bamako. Uzabapweteka mutima."

Kwa nthawi yaitali ndinkalakalaka kumva mawu amenewo, akuti ndinamva bwino. Mawuwo atabwera, anandinyansa. Ndinachoka osatenga poto.

Atate atatuluka m'chipatala ndinawauza zonse, amayi ali pomwepo. Ndinaika timizere tija patebulo. Atate anatitola ndi dzanja lamanzere, natiyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe. Anangonena kuti pamene galimoto inkagubuduka, chimene chinawabwerera m'mutu ndi mawu anga owapempha kuti atsitse wailesi. Kenako anandipepesa, bambo wamkulu kupepesa mwana, ndipo zimenezo zinandiliritsa kuposa ngozi yeniyeniyo. Amayi analira usana wonse, koma madzulo anandikokera kuchipinda n'kundipempha kuti nkhaniyi isatuluke m'nyumba, chifukwa amuna awo a Bana Chanda akaimva apita kupolisi. Anati ndi mlongo wawo yekhayo. Ndinawayankha kuti atate nawonso ndi atate anga okhawo. Kwa masiku angapo sitinalankhulane bwino.

Atate ndi amene anapita okha kwa Bana Chanda kukawauza zoona. Banjalo silinapite kupolisi, koma nkhani inafala m'komboni, ndipo madalaivala anasiya kuima pachisakasa. Patapita miyezi amalume anasamukira ku Chawama, komboni ina. Atate sanadzatchulenso dzina lawo. Anapeza ntchito ya ulonda pasitolo ina, ndipo ine ndi mng'ono wanga tinaphunzira movutikira. Amayi ankapitabe kukawaona amalume mobisa, atanyamula kanthu m'chitenje. Tonse tinkadziwa, koma palibe ankafunsa.

Amalume ndinadzawaonanso ndili mayi wa ana awiri, pamaliro a amayi. Anali atakalamba, tsitsi litayera. Ndinafika pagalimoto yanga yaing'ono, ndipo nditatsika ndinawaona akuyang'ana matayala ake monga mwa chizolowezi chawo. Kenako anatembenukira kwa amene anakhala nawo, nanena monyadira kuti uyu ndi mwana wa mlongo wawo, ndipo za galimoto anamuphunzitsa ndi iwo. Ndinawapatsa moni mwaulemu, n'kulowa m'nyumba ya maliro. Sindinawatsutse, chifukwa sananame.

Chimenechi ndicho chinanditengera zaka zambiri kuti ndichimvetse. Zonse zimene anandiphunzitsa zinali zoona, ndipo ndimazigwiritsabe ntchito. Ndinkafuna kwambiri kuti akhale munthu woipa kotheratu, kuti nditaye zonse zochokera kwa iwo, koma sizinatheke. Za umphawi umene unawafikitsa pogwira chitsulo chija, lero ndikhoza kuzimvetsa, popeza nanenso ndaona mmene tauni imafinyira munthu. Chimene sindinathe kuchimeza ndi cha Loweruka lija pachisakasa. Atate anali ataima pomwepo ndi mikono yawo yonse iwiri yamphumphu, vani inali pomwepo, jeke inali pomwepo. Akanangodzuka n'kunena kuti tiyeni tilichotse. M'malo mwake anaona kuti n'chapafupi kuchititsa manyazi mwana amene ankawakonda, chifukwa ankadziwa kuti mawu a mwana salemera pamaso pa akulu. Amayi asanamwalire anandipempha kuti ndiwakhululukire. Ndinawalonjeza kuti ndidzayesa, ndipo ndikuyesabe.