Tsiku limene boma linagula munda wathu

Dzulo ndinadutsa pomwe akumanga sukulu yatsopano kwathu ku Entre Lagos, pafupi ndi malire a Malawi. Fungo la simenti yonyowa linandikumbutsa uchitsiru wanga wa paubwana.

Titangobwerera kuchokera ku Malawi, bambo anga anati, "Boma lagula munda wathu, abwera mawa." Ine ndinkaganiza kuti adzaukweza pagalimoto ngati thumba la chimanga, pamodzi ndi mtengo wanga wa mango. M'mawa mwake ndinakwera mumtengomo, miyala ili m'thumba la kabudula.

"Tsika, iwe!" anakuwa mkulu wina woyeza malo.

"Mukaunyamula mundawu, munyamule ndi ine ndemwe!"

Anaseka mpaka chingwe choyezera chinamupulumuka. "Munda supita kulikonse, mwanawe. Sukulu ndiyo ikubwera kwa iwe."

Apulofesoli, aphunzitsi athu, anatiphunzitsira zilembo pansi pa mtengo womwewo. Ulipobe mpaka lero, ndipo amene adzabwere ndi nkhwangwa adzandipeza ndili m'mwamba, ndi chimimba changa chachikulirechi.