Atelala ndi Botolo la Mapiritsi

Mayi amene tinawaika m'manda mwezi watha tonse tinkangowatchula kuti Atelala. Anayamba kusoka ali ndi zaka khumi, mapazi asanafike bwino pa chopondera cha makina. Anakwatiwa ndi kalipentala wa mpingo uno, munthu wosachulutsa mawu. Kwa zaka makumi atatu, nsalu za paguwa ndi madiresi a ubatizo zinkachokera m'kachipinda kawo, momwe munali makina, tebulo ndi mtanda wopachika pamsomali.

Msana unayamba kuwavuta atakwanitsa zaka makumi asanu. Adokotala anawalembera mapiritsi ofewetsa minofu, a masabata awiri okha. Anathandizadi. Koma masabata awiriwo anasanduka chaka, poti akatha ankakapempha kuchipatala china. Piritsi limodzi litaleka kugwira, anayamba kumwa awiri, kenako atatu. Ankasinza pa makina. Tsiku lina singano inalowa m'chala iwo osamva, anangoona magazi pansalu ya paguwa.

Lenti itafika, anaganiza zopereka mapiritsiwo ngati nsembe. Anawasiya kamodzin'kamodzi, osauza munthu. Pofika tsiku lachitatu manja ankanjenjemera, thukuta lili kamukamu, akusanza. Amuna awo anathamangira nawo kuchipatala.

"Mayi, mukufuna kukafika kumwamba musanaitanidwe?" anatero namwino. "Awa sasiyidwa ngati shuga wa mu tiyi. Munthu amatha kukomoka. Muzichepetsa pang'onopang'ono, monga alembere adokotala."

"Koma ndalonjeza kale kwa Mulungu."

"Mulungu sali pachangu. Botololi asunge ndani?"

"Ine," anatero amuna awo.

Botololo linakhala m'thumba la malaya a kalipentalayo miyezi itatu. M'mawa uliwonse ankatulutsa zimene pepala la adokotala lanena, osapitirira. Madzulo msana ukawawa, Atelala ankayesa mwayi.

"Bambo, theka lokha."

"Ayi."

"Kodi munakwatira ine kapena pepalalo?"

"Nonse awiri."

Masiku ena ankalira, ena ankawanena amuna awo kuti mtima wawo ndi thabwa. Amunawo anangowakhomera mpando wotsamira, nakweza tebulo la makina. Ankawathirira madzi otentha m'botolo lina, kulikulunga m'thaulo, n'kuwaikira pamsana. Atelala anaphunzira mafizo olimbitsa msana kuchipatala, ankaimirira pa makina theka la ola lililonse, ndipo m'mawa awiriwo ankayenda mpaka pa mpanda wa tchalitchi n'kubwerera. Msana sunachiriretu, koma m'mutu munayera, ndipo mzere wa ulusi unawongokanso.

Sanabise nkhaniyi. Anaikamba okha pamsonkhano wa amayi, atanyamula nsalu ya banga ija. Ankakonda kunena kuti, "Kusala kunali kosavuta, chifukwa kunali kufuna kwanga. Kumvera ndiye kunandikhetsa thukuta." Amayi atatu a vuto lomwelo anawatsatira kunyumba payekhapayekha, ndipo Atelala anawaperekeza onsewo kwa namwino uja.

Anasokabe zaka khumi ndi zisanu, mpaka mtima unafooka. Masana a tsiku lomaliza, atalandira sakaramenti la odwala, anagwira thumba la amuna awo.

"Muli chiyani umu?"

"Mulibe."

"Nanga nditapempha theka?"

"Ayi."

Atelala anaseka pang'ono, natseka maso.

Ngati mapiritsi anu apitirira masiku amene adokotala ananena, musawasiye nokha ndipo musabise. Pitani kuchipatala, mupezenso wokusungirani botolo. Kalipentala uja amakhala pabenchi yomaliza m'tchalitchi, ndipo malaya ake akadali ndi thumba.