Jezi ya Selekiti ya Alamu Anga a Hilario

Alamu anga a Hilario sakhala pansi. Ndikutitu sakhala! Ngakhale pamaliro, anthu onse ali zyoli, iwo mwendo uli gwedegwede ngati akupalasa njinga. Kwawo ndi ku Nambuma. Anabwera m'mudzi mwathu, kufupi ndi pa Nsaru, kudzakwatira mlongo wanga Stella, atanyamula khasu, malaya awiri ndi nsapato za mpira zosokedwasokedwa. Ine ndine Frazer, mwini mbumba, ndiye munda wa fodya umene amalimawo ndinawalozera ndine.

Ulesi ayi, ndisawanamizire. Nazale yawo kudimba imabiriwira kuposa ya aliyense, amathirira m'mawa ndi madzulo, keni kuno keni uko. Koma mpira, abale! Anakhala akutchinga kumbuyo m'timu yathu ya m'mudzi kuyambira Vanessa, mwana wawo woyamba, ali kumsana, ndipo pano Vanessayo ali ku sekondale. Chimene ankachifuna moyo wawo wonse chinali chimodzi: kuvala jezi ya Selekiti.

Selekiti ndi zija amachita ligi ikatha. A komiti amasankha akatswiri m'matimu onse a mbali ya Nsaru, akakumane ndi akatswiri a mbali ya Kabudula. Palibe chikho, palibe mapointi, ngakhale mbuzi yowotcha. Jezi zachikasu zokha basi, amavala masana amodzi n'kuzibwezera m'thumba. Ine ndinkanena poyera, pa tiyi pa Nsaru ngakhale pakhomo, kuti mpira umenewu ngwachabechabe. Aliyense amaopa kuthyoka mwendo dzinja lili pafupi, ndiye osewera amapatukirana ngati apongozi akumana panjira. Zigoli zimangolowa ngati nkhuku madzulo.

"Alamu, inu simudziwa," ankatero a Hilario, akuzungulira mpando umene ndawapatsa kuti akhalepo. "Nkhani si zigoli. Nkhani n'kuti anthu akhale pansi, ayang'ane chigawo chonse, anene kuti pa nambala faifi palibenso wina koma uyu."

"Ndiye akatero feteleza amatsika mtengo, eti?"

Ankangoseka, koma kuseka kwa munthu amene wapondedwa chala.

Chaka ndi chaka ankawadumpha. Osati chifukwa chosatha mpira, iyayi. A komiti ya kuno ankati, "Ameneyu ndi mkamwini, akamusankhe kwawo ku Nambuma." A ku Nambuma ankati, "Ameneyu anapita kuchikamwini, si wathunso." Maina akatuluka, alamu ankatenga khasu n'kukapanga mizere mpaka Stella kukawatenga yekha kuti adzadye. Zinkandipsetsa mtima, ngakhale mpirawo ndinkaunyoza. Munthu wakulimirani, wakukumbirani manda a abale anu, lero pa jezi mukuti mlendo?

Chaka chathachi bondo lawo lakumanja linayamba kutupa akangosewera. Ankalimanga ndi nsalu yong'amba ku chitenje cha Stella. Anauza aliyense kuti ligi imeneyi ndi yomaliza. Kaya ndi chisoni, kaya manyazi, a Gerald, wapampando wa komiti, amene ali ndi golosale pa Nsaru, anabwera panjinga yamoto mpaka kudimba.

"A Hilario, Loweruka ku Kabudula. Nambala faifi ndi yanu."

Alamu anaponya keni m'mwamba! Sabata imeneyo sitinapume. M'mawa uliwonse ankathamanga kuzungulira dambo, anakametetsa, nsapato zija anakazisoketsanso. Vuto linali lakuti ligi inachedwa kutha chifukwa cha maliro, ndiye Selekiti inagwera mu Novembala, mitambo itayamba kale kusonkhana chakumadzulo. Alamu ankangoti maso kumwamba, pakamwa pali ng'ung'udzu.

Loweruka kunacha ndi mvula. Osati yowaza fumbi, koma yeniyeni yowokerera fodya, madzi tho m'mizere. Aliyense wolima fodya amadziwa: nthaka ikanyowa chonchi suyembekeza mawa, ndipo mbande ukazizula sizigona. Ndinawapeza alamu ataima pakhonde, thumba la nsapato lili m'manja.

"Ikani pansi zimenezo," ndinatero. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Lero palibe wochoka m'munda."

Anaika thumbalo pansi pa mtengo wa mango m'mphepete mwa munda n'kugwira ntchito ngati munthu wothamangitsidwa. Iwo kutsogolo kukumba maenje, Stella ndi ine kumbuyo kuwokera. Bondo lija ankachita kulikoka. Mzere uliwonse ukatha ankayang'ana dzuwa, kenako thumba, kenako ine. Phala la m'mawa anamwa choimirira. Ndinkawamva akupuma, ndipo ine ndemwe ndinayamba kuyang'ana dzuwa ngati ndine wochedwa.

Dzuwa litapendeka, Stella anaweramuka, matope mpaka m'zigongono.

"Bambo a Vanessa, pitani."

"Iwe Stella, mizere yonseyi?" ndinakalipa.

"Achimwene, munthuyu ndimagona naye nyumba imodzi ndine. Akapanda kupita lero, ndidzamva za jezi imeneyi mpaka kumanda. Ndimaliza ndi Vanessa. Ndipo inu muwakweze panjinga yanu, bondo limenelo silingapalase mpaka ku Kabudula."

Mlongo wanga akalankhula chonchi, umwini mbumba umatha. Ndinawakweza, ine ndili m'magambutsi anga a kumunda, malaya ali matope okhaokha. Msewu unali phala. Pena tinkapalasa, pena kukankha, pena kuinyamula njingayo paphewa. Alamu kumbuyo osaleka, "Palasani alamu, ayamba! Imvani, si wenzulo imeneyo?" Wenzulo yanji, tili pakati pa minda ya anthu? Mbali zonse za msewu anthu anali chowerama, kuwokera ndi kudzala. Pamunda wina tinaona goloboyi wa Selekiti yemweyo, mbande zili m'manja. Anatikweza dzanja n'kuweramanso. Alamu anati, "Ameneyo ngwaulesi pa mpira kale. Tiyeni."

Titafika pabwalo ku Kabudula, oonerera anali ana ndi mbuzi. A Gerald anali pakati pa bwalo ndi thumba la jezi, thukuta lili kamukamu, foni kukhutu. Mwa osankhidwa onse a mbali yathu anafika atatu okha. A ku Kabudula analipo anayi. Ena onse anali m'minda mwawo.

"A Hilario, mwachita bwino!" anakuwa a Gerald, n'kuwaponyera nambala faifi.

Ndinaona mmene anailandirira. Anayamba apukuta manja m'buluku, kenako anaitambasula, kuyang'ana nambala ija, n'kuivala pang'onopang'ono ngati malaya a ukwati. Kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni, munthu uja anaima chilili osagwedeza mwendo.

Koma a Gerald anali atalipira kale oyimbira mpira, ndipo sankafuna kubwerera ndi manyazi. Anayamba kuitana aliyense amene ali ndi miyendo iwiri. Wokazinga tchipisi anapatsidwa nambala naini. Wakabaza wina amene ankangobisala mvula anapatsidwa teni. Woledzera wina anadzuka pansi pa mtengo n'kulandira yake, anthu kuseka. Kenako a Gerald ananditembenukira.

"A Frazer, gwirani iyi! Mukhale pambali pa alamu anuwo, nambala folo."

Jezi inandigwera pachifuwa, ndinaigwira osaganiza. Ine, wamimba yangayi, m'magambutsi, munthu amene mpira ndinaumenya komaliza ndili Sitandade 5! Nditatembenuka, alamu anali akundiyang'ana. Sanakwiye. Bola akanakwiya. Anayang'ana jezi yanga, ya watchipisi, ya woledzera uja amene anaivala chakumbuyo, kenako yawo.

Anaivula. Anaipinda bwinobwino, manja m'kati, n'kuipereka kwa a Gerald ndi manja awiri.

"Aa, a Hilario, n'chiyaninso? Tikuyambatu!"

"Zikomo, bambo. Apatseni ena."

Ndinataya yanga ija pansi n'kuwathamangira. Anali atafika kale panjinga.

"Alamu, valani jezi. Inu anakusankhani, ifetu angotitola. A Gerald anabwera okha kudimba, ndinalipo ine, ndinamva ndi makutu angawa. Tavutika msewu wonsewu, lowani musewere, ngakhale pang'ono pokha!"

Ndinkachita kuwachonderera. Kumbuyo kwathu wenzulo inalira, ana anayamba kukuwa.

A Hilario anawerama, anamasula nsalu ija pabondo, n'kuikulunga m'manja.

"Alamu," anatero motsitsa, "munkanena zoona inu. Ngwachabechabe."

Ndinasowa poyang'ana. Zaka zonsezi ndinkafuna atavomera, koma tsiku limenelo ndikanapereka fodya wanga yense kuti anditsutse. Anakhala pakaliyala, ndipo ndinawapalasa mpaka kumudzi. Mpira sanaumenyenso.